Ukwati wa kutsidya: ankhoswe adavomera, nanga boma likudziwa?

Munthu ukaima pagombe la Cobué m'mawa nyanja ili bata, chilumba cha Likoma chimaoneka ngati mudzi woyandikana nawo. Ngalawa zimaoloka kupita kumeneko zitanyamula nkhuni ndi odwala opita ku chipatala cha St Peter's, ndipo pobwerako zimatenga sopo, shuga ndi uthenga wa abale. Koma si katundu yekha amene amaoloka nyanjayi. Maukwati nawonso akhala akuoloka kuyambira kale, kotero kuti nkovuta kupeza banja ku Cobué, Ngoo, Messumba kapena Metangula lopanda mkamwini, mtengwa kapena mdzukulu wa ku Malawi.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja zimenezi sizodabwitsa. Chinenero ndi chimodzi, nsima ya kondowole ndi imodzi, mapemphero ndi amodzi. Chodabwitsa chimabwera tsiku limene mmodzi wa awiriwo wafika muofesi ya boma nauzidwa kuti iye ndi mlendo.

Nkhani ngati iyi si yachilendo m'midzi yathu. Mayi wobadwira ku Likoma akwatiwa ndi msodzi wa kuno. Ankhoswe a mbali zonse akumana, ukwati udalitsidwa kutchalitchi, anthu avina mpaka kucha. Mayiyo akhala pamudzi wa mwamuna wake zaka makumi awiri, abereka ana, alima chinangwa, aika maliro a apongozi ake. Tsiku lina mwamuna uja amwalira, ndipo abale ayamba kukangana za boti, ukonde ndi nyumba yamalata. Mayiyo akapita kuboma kukadandaula afunsidwa zinthu ziwiri: kalata ya ukwati yochokera ku Registo Civil, ndi chiphaso chomulola kukhala m'dziko muno. Iye m'chikwama mwake muli kakhadi ka kutchalitchi ndi pasipoti imene idatha ntchito kalekale. Pamudzi ndi mayi wolemekezeka, koma pamaso pa lamulo ndi mlendo amene adapitirira masiku ake.

Malire adatipeza tili pachibale

Kuti timvetse bwino vutoli tiyenera kukumbuka kuti chibale chathu ndi chakale kuposa malire. Angelezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire a dera lino m'chaka cha 1891, ndipo mu 1954 adagwirizananso kuti malirewo adutse pakati pa nyanja. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu zidatsala m'manja mwa Nyasaland, yomwe lero ndi Malawi, ngakhale zili m'madzi a Mozambique. Amishoni a Anglican amene adakhazikika pa Likoma mu 1885 ankayendera midzi ya gombe lino ndi sitima, ndipo aphunzitsi ndi ana asukulu ankapita uku ndi uku popanda wowafunsa chiphaso.

Kenaka kudabwera nkhondo ziwiri. Yomenyera ufulu idayamba mu 1964, ndipo anthu ambiri a gombe lino adathawira ku Likoma, ku madera ena a Malawi ndi ku Tanzania. Yachiwiri, yapachiweniweni, idatha ndi pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Pa nthawi imeneyo Malawi adasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni. Anyamata ndi atsikana adakulira kumeneko, adakwatirana ndi eni dziko, ndipo pobwerera kwawo ambiri adabwera ndi akazi kapena amuna awo. Masiku amenewo munthu ankathokoza kuti wafika wamoyo, za mapepala ankaziika pambuyo.

Lero zinthu zidasintha. Ku Malawi boma lidalemba nzika zake m'kaundula mu 2017 ndi kuzipatsa chitupa cha unzika. Kuno kwathu BI imafunika paliponse, kubanki, polembetsa nambala ya foni ngakhalenso pofuna ntchito. Munthu wopanda pepala lililonse njira zikumutsekekera imodzi ndi imodzi.

Ukwati pawokha si chilolezo

Ambiri amaganiza kuti ukakwatira kapena kukwatiwa ndi mwini dziko ndiye kuti nawenso wasanduka mwini dziko. Pamwambo wathu zili choncho ndithu, pakuti mkamwini akalandiridwa amapatsidwa pomanga nyumba ndi polima. Kuboma sizili choncho. Ukwati umangotsegula khomo, koma munthu ayenera kulowa yekha pakhomopo ndi mapepala m'manja.

Chidindo chimene a Migração amadinda pa doko la Cobué kapena Metangula ndi cha mlendo wodzacheza, ndipo chili ndi masiku ake owerengeka. Masikuwo akatha munthu asadatuluke, lamulo limamulipiritsa chindapusa chowerengera tsiku lililonse limene wapitirira, ndipo akhoza kubwezedwa kwawo ngakhale ali ndi ana kuno. Amene akufuna kukhazikika ayenera kutsata njira ina, ndipo njirayo ili ndi masitepe atatu.

Choyamba: kulembetsa ukwati

Lamulo la mabanja la Mozambique, limene lidakonzedwanso mu 2019, limavomereza mitundu itatu ya ukwati: wa kuboma, wa kuchipembedzo ndi wa pamwambo. Apa anthu ambiri amakondwa nkuleka kumvetsera, pomwe mawu ofunika ali kutsogolo. Ukwati wa kutchalitchi, wa kumzikiti kapena wa ankhoswe umakhala ndi mphamvu zofanana ndi wa kuboma pokhapokha utalowetsedwa m'kaundula wa Registo Civil. Uyeneranso kukhala wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, onse okwanitsa zaka 18. Choncho mayi amene adalowa mitala ndi mwamuna yemwe adalembetsa kale ukwati ndi mkazi wina sangapeze kalata imeneyi.

Wochokera kunja amafunsidwa umboni wa kumene adabadwira ndiponso kalata yochokera kwawo yotsimikiza kuti alibe ukwati wina womuletsa. Mapepala a ku Malawi amalembedwa m'Chingelezi, motero amayenera kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, osati mphunzitsi wa pamudzi ngakhale adziwe zinenero zonse ziwiri. Ngati ukwati udachitikira ku Malawi ndipo kalata yake ilipo, kalatayo iyenera kulowetsedwanso m'kaundula wa kuno kuti boma la Mozambique liudziwe.

Nzoona kuti lamulo limazindikiranso mwamuna ndi mkazi amene akhalira limodzi zaka zoposa zitatu osalembetsa, makamaka pa nkhani ya ana ndi katundu amene adapeza limodzi. Koma zimenezi zimafuna mboni ndi kukambirana kwakutali, ndipo pa nkhani ya unzika malamulo amatchula ukwati.

Chachiwiri: chilolezo chokhala m'dziko

Ukwati ukalembedwa, wochokera kunja uja amapempha viza yodzakhala m'dziko. Imeneyi imapemphedwa ku maofesi a kazembe wa Mozambique, ndipo ku Malawi maofesiwa ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kumeneko amafuna pasipoti yogwira ntchito, kalata ya ukwati, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthuyo alibe milandu, ndi umboni wakuti pali pokhala ndi chodyera.

Akalowa ndi viza imeneyi amapita ku ofesi ya SENAMI, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, ku Lichinga, kukapempha chiphaso chimene ambiri timachidziwa ndi dzina lakuti DIRE. Chiphaso choyamba ndi chongoyembekezera ndipo chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Lamulo loyang'anira alendo limene likugwira ntchito tsopano ndi la 2022, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1993, choncho malangizo a munthu amene adayenda njirayi zaka zapitazo akhoza kukhala otha ntchito. Safunsa adadya phula: kafunseni mndandanda wa zofunika ndi mitengo yake ku ofesi ya Migração musadagulitse mbuzi kapena kukwera galimoto.

Tisanamizane, njirayi ndi yolemetsa kwa munthu wa kumudzi. Kuchokera ku Metangula kukafika ku Lichinga ndi makilomita oposa 100, ndipo wa ku Cobué amayamba walimbana ndi msewu umene umavuta nthawi ya dzinja. Wa ku Likoma amene amaona nyumba ya mkazi wake ali pagombe la kwawo ayenera kuyamba waoloka nyanja yonse ulendo wa ku Lilongwe. Pasipoti, zithunzi, womasulira, thiransipoti ndi malo ogona, zonsezi ndi ndalama za usipa wambiri. Apa ndi pamene pamatulukira anthu olonjeza kuti akonza zonse mwachidule. Chenjerani nawo. Pepala lachinyengo ndi mlandu woposa kusowa pepala, ndipo ndalama iliyonse yoperekedwa kuofesi iyenera kubwera ndi lisiti.

Chachitatu: unzika

Malamulo aakulu oyendetsera dziko la Mozambique a 2004, pa ndime 26, amanena kuti mlendo, mwamuna kapena mkazi, amene wakhala paukwati ndi nzika ya dziko lino kwa zaka zosachepera zisanu akhoza kulandira unzika ngati wanena yekha kuti akuufuna ndipo wakwaniritsa zofunika za lamulo. Mlendo wopanda ukwati wotere amayenera kukhala m'dziko zaka khumi. Ndime yomweyo ikunenanso kuti ukwati ukadzatha, unzika umene munthu adaupeza sumuchoka. Kwa mayi wamasiye kapena wosudzulidwa mawu amenewa ndi chitetezo chachikulu, chifukwa palibe mlamu amene angamuuze kuti nyamuka uzipita kwanu ponamizira boma.

Chofunika kuchigwira ndi ichi: zaka zisanuzo boma limaziwerenga poyang'ana m'kaundula. Banja limene silidalembetse lilibe chosonyeza tsiku loyambira kuwerenga, ngakhale ana awo ali ndi ndevu.

Amayi achikulire nawonso amve izi. Lamulo la unzika la 1975 linkalanda unzika mkazi wa ku Mozambique amene wakwatiwa ndi mlendo. Zimenezo zidathetsedwa, ndipo malamulo a 2004 amalola mayi amene adataya unzika chifukwa cha ukwati kuti aupemphe ndi kuulandiranso. Agogo amene adakwatiwa ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay m'zaka zoyambirira za ufulu ndipo akufuna kubwerera kwawo ali ndi poyambira.

Wopita kutsidya

Mwana wa kuno amene watsatira mkazi kapena mwamuna wake ku Malawi akumana ndi zofanana. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa kuboma, wa kuchipembedzo ndi wa pamwambo, koma a Immigration amafuna kalata yooneka ndi maso. Wokwatira kapena wokwatiwa ndi Mmalawi amapempha chilolezo chokhala m'dzikomo ku nthambi imeneyi, yomwe ili ndi ofesi pa Likoma ndipo ofesi yake yaikulu ya chigawo cha kumpoto ili ku Mzuzu. Kukhala ndi mfumu yokudziwa ndi chinthu chabwino, koma sikulowa m'malo mwa chilolezocho.

Chimene chidapepukako ndi chakuti mu 2018 nyumba ya malamulo ya Malawi idasintha lamulo la unzika la 1966 kuti Mmalawi azitha kukhala ndi unzika wa maiko awiri. Kale mwana wobadwa kwa makolo a maiko awiri ankayenera kusankha dziko limodzi akakula, ndipo wotenga unzika wina ankataya wa kwawo. Ku Mozambique nako munthu sataya unzika chifukwa chokwatira kunja, ngakhale kuti akakhala m'dziko muno boma limamuona ngati nzika ya Mozambique basi.

Ana asalipire ngongole ya makolo

Amene amavutika kwambiri ndi ana. Amayi ambiri a gombe lino amakachilira ku chipatala cha pa Likoma chifukwa ndi chapafupi, nabwerera ndi khadi la sikelo lokha. Mwana wotere, ngati bambo kapena mayi wake ndi nzika ya Mozambique, malamulo amamulola kukhala nzika ya dziko lino ngakhale adabadwira kunja, koma makolo ayenera kukanena ndi kumulembetsa, kapena iye mwini akakwanitsa zaka 18. Wobadwira kuno kwa bambo kapena mayi wobadwiranso kuno ndi nzika chibadwire, komabe popanda kulembetsa ku Registo Civil palibe chomuchitira umboni. Vuto limaonekera nthawi ya mayeso kapena yofuna ntchito, pamene mwana apezeka kuti dzina lake mulibe m'kaundula wa dziko lililonse, ndipo makolo amene akadamuchitira umboni mwina adapita kale.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Mawuwa adanenera munthu wodzacheza, osati mkazi amene wakuberekerani ana kapena mkamwini amene wakumangirani nyumba. Choncho inu abambo amene mudatenga mkazi kutsidya, ndi inu amayi amene mudabweretsa mkamwini wa ku Chizumulu, musadikire maliro kapena mkangano. Yambani ndi chimene chili pafupi: pitani awiri ku Registo Civil pa Metangula mukafunse za kulembetsa ukwati wanu ndi ana anu, mboni zanu zikadali moyo. Mafumu, abusa ndi mashehe athandizepo pokumbutsa anthu awo tsiku laukwati lisadafike. Ndipo inu ankhoswe, pamene mukulangiza ana za ulemu ndi za kusunga banja, onjezanipo funso limodzi: kodi ukwatiwu tikaulembetsa liti?