Boti lilibe mabuleki: tizilombo timene timagwira propela m'madzi amchere

Anyamata ndi atsikana athu amene muli ku Joni ndipo mumasaka maganyu m'madoko a maboti ku Durban kapena ku Cape Town, nkhani iyi ndi yanu. Enanu a kuno kumudzi musathawe, nyanja yathu nayo ilimo.

Boti la matanga, lija amati yacht, limayenda ndi mphepo, koma limakhalanso ndi kainjini ka dizilo kolowera ndi kutulukira padoko. Injini ikazima, propela wamba amasanduka katundu. Mapiko ake amangokhala chitambalale m'madzi n'kumakoka botilo, ngati kupalasa njinga buleki itagwira. N'chifukwa chake makampani monga Gori ndi Flexofold a ku Denmark amapanga propela wopindika.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. Mapiko awiri kapena atatu amakhala pa timahinjesi. Injini ikazima, madzi amawakankha n'kuwapindira kumbuyo ngati ambulera yotseka. Ukaliza injini, shafiti n'kuyamba kuzungulira, mapikowo amatambasuka okha, monga mwala womangirira kuchingwe umathawira kunja ukamaupukusa. Palibe mota kapena sipuling'i yowatsegula ayi. Patsinde pa phiko lililonse pali mano olumana ndi a linzake, kuti onse azitseguka nthawi imodzi.

Ndiye pa mano ndi pa timahinjesi pomwepo m'pamene pali nkhani.

Boti likakhalitsa padoko osayenda, choyamba kumera pa propela ndi kautelezi, kenako ndere. Pambuyo pake pamabwera kachilombo kotchedwa barnacle. Mukakaona mungati ndi nkhono, koma ndi m'bale wake wa nkhanu. Kakadali kakang'ono kamasambira, kakapeza malo kamadzimata ndi mutu pogwiritsa ntchito guluu wake wolimba ngati simenti, n'kumanga chigoba, basi osasunthanso moyo wonse. Charles Darwin anatha zaka 8, kuyambira 1846 mpaka 1854, akuphunzira tizilombo timeneti. Munthu anali ndi mtima wautali uja! M'madzi ofunda ngati a ku Durban, Beira ndi Nacala timachuluka msanga kuposa m'madzi ozizira a ku Cape Town.

Pa propela wamba, zomerazi zimangochepetsa liwiro n'kumwetsa injini dizilo wambiri. Phiko likakhala lokhakhala siligwira bwino madzi, injini imalemedwa, nthawi zina mpaka utsi wakuda. Koma pa wopindika, zigoba zochepa chabe zikalowa pakati pa mano, mapiko amatseguka theka kapena kukaniratu. Pa propela wachikale wopanda mano olumana, phiko limodzi limatha kutseguka linzake n'kutsala, boti lonse n'kumanjenjemera ngati minibasi yopindika limu. Mwinanso amakana kutseka, ndiye ndalama zonse zimene mwini wake anagulira propela wodulayu zalowa m'madzi.

Choopsa kwambiri ndi rivesi. Boti lilibe mabuleki, limaima poika rivesi basi. Pa giya yakutsogolo, mphamvu ya madzi imathandiza kutsegula mapiko, ndiye ngakhale ali olimba pang'ono amatseguka ndithu, woyendetsa n'kumati zonse zili bwino. Pa rivesi zinthu zimatembenuka: madzi amakankhira mapiko kotseka, chowagwira chimakhala kuzungulira kwa shafiti kokha. Ndiye taganizirani boti lolemera matani angapo likuyandikira doko, woyendetsa waika rivesi, injini ikulira bwinobwino koma boti likungopitabe. Kutsogoloko kuli khoma la konkire kapena boti la eni ake, ndipo mnyamata waganyu waima pamphuno ndi chingwe m'manja. Musayerekeze kutchinga ndi mwendo kapena dzanja, fupa silingalimbane ndi kulemera kumeneko.

Wina anena kuti bwanji osangopaka penti? Penti yoletsa zomera imene amapaka kumimba kwa boti sichedwa kusupuka pa propela chifukwa cha liwiro lozungulira. Ina yamphamvu ya TBT inaletsedwa padziko lonse mu 2008 chifukwa inkapha zamoyo za m'nyanja. Masiku ano ena amapaka zoterera monga Propspeed ya ku New Zealand, imene siipha kanthu, imangochititsa kuti tizilombo tizilephera kugwira. Nayonso imafuna boti loyenda. Ineyo ndimaona kuti mankhwala otchipa kuposa onse n'kuliza injini pafupipafupi boti lili chimangire, n'kuika giya yakutsogolo, kenako rivesi, kuti mano aphwanye tizigoba tisanakhwime.

Mukapatsidwa ganyu yotsuka, kiyi wa injini akhale m'thumba mwanu musanalowe m'madzi. Valani magolovesi, zigobazi zimacheka ngati lezala. Palani mosamala osakanda mkuwa, chotsani za pakati pa mano, kenako yesani kutsegula ndi kutseka mapiko ndi dzanja, aziyenda mosakakamiza. Kachitsulo kotuwa ka zinc kamene kamakhala pa propela musakapake penti, ntchito yake n'kudyeka m'malo mwa propela.

Ku Mangochi, Senga Bay ndi Nkhata Bay barnacle kulibe, chifukwa sakhala m'madzi opanda mchere. Zogwira propela kwathu kuno ndi ndere, zidutswa za maukonde ndi zingwe zotayidwa m'madzi, komanso namasupuni mumtsinje wa Shire. Ulusi wa ukonde ukakulungika pa mano, zotsatira zake n'zomwezija. Ndipo kachitsulo kodyeka kaja, m'madzi athuwa kamayenera kukhala ka magnesium, osati ka zinc.