Nyumba Ikawonongeka: Ndani Angakuthandizeni Kulandira Ndalama za Inshuwalansi?

Alimi ena atamanga nyumba za malata ndi ndalama za fodya, anaziika pa inshuwalansi pamodzi ndi zigafa ndi mabalani awo. Anachita bwino, pakuti namondwe wa Freddy, amene anagwetsa nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe m'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, anatisonyeza kuti ngakhale nyumba yolimba imatha kugwa usiku umodzi. Koma kulipira inshuwalansi n'kosavuta. Ntchito yaikulu ili pa kuitanitsa ndalama ngozi ikachitika, ndipo apa mlimi asayende yekha.

Zoyenera kuchita tsiku loyamba

Dziwitsani kampani msanga, chifukwa pangano lililonse limatchula masiku ochitira zimenezi. Ngati ndi moto kapena umbava, katengeni lipoti ku polisi. Jambulani zithunzi. Musachotse phulusa, malata opindika kapena njerwa zogwa a kampani asanaone, koma katundu wotsala mutetezeni kuti asawonongekenso. Sonkhanitsani malisiti a simenti, malata ndi mipando.

Dziwani amene ali kumbali yanu

Kampani idzatumiza katswiri wowerengera zowonongeka. Mlandireni mwaulemu ndi kumuuza zoona zokhazokha, pakuti bodza limodzi likhoza kukulanditsani ndalama zonse. Komabe kumbukirani kuti amene wam'tuma ndi kum'lipira ndi kampani. Ejenti nayenso amaimira kampani.

Woimira inu ndiye mkhalapakati, wotchedwa broker. Ngati munagula inshuwalansi kudzera mwa iye, pitani kwa iye poyamba. Adzakuwerengerani pangano, kukuthandizani kulemba mafomu ndi kutsatira nkhani yanu ku ofesi. Itananinso mmisiri wodziwika bwino kuti akulembereni mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito yomanganso. Pepala limeneli ndilo mudzatsutsire nalo mtengo wa kampani ukachepa.

Chifukwa chiyani ndalama zimachepa?

Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu lero kungadye K20 miliyoni, koma inu munaiika pa inshuwalansi ya K10 miliyoni. Mphepo yasasula denga la K4 miliyoni. Kampani idzati munateteza theka lokha la nyumbayo, tsono idzalipira theka, K2 miliyoni, n'kuchotsaponso kagawo kamene pangano limati mwini alipire yekha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya malata ndi simenti inakwera. Chotero amene sanakweze mtengo wa pa pangano lake kuyambira nthawi imeneyo aonane ndi mkhalapakati ngozi isanagwe.

Mukapanda kukhutira

Musasaine pepala lovomereza ndalama musanalimvetse, chifukwa mukasaina nkhani yatha. Lemberani kampani kalata yodandaula ndipo musunge kope lake. Akapanda kukuthandizani, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi ndi amkhalapakati ndi kuwapatsa ziphaso. Nkhani ikafika pofuna loya koma ndalama mulibe, funsani ku Legal Aid Bureau. Chenjerani ndi anthu oyendayenda ofuna ndalama patsogolo ponena kuti akufulumizitsirani malipiro. Muuzeni wotereyo akuonetseni chiphaso chake.

Mau kwa matenanti

Nyumba ndi chigafa za pa esiteti nza mwini esiteti, ndipo ndalama za inshuwalansi yake zimapita kwa iye. Njinga, wailesi ndi zofunda zanu sizili m'menemo pokhapokha zitalembedwa m'pangano. Funsani mwini esiteti kapena manijala nyengo isanayambe, kuti mudziwe amene adzataye fodya wanu akapsa ali m'chigafa, ndipo yankholo lilembedwe.

Madzulo ano tulutsani pangano lanu, muone mtengo wolembedwamo ndi tsiku limene likutha. Mukatero mulisunge mu pulasitiki, ndipo kope lina likakhale kwa mbale wanu, pakuti moto wotentha nyumba umatenthanso mapepala.