Kompyuta itameza ngongole za malume, ndidakasaka kapitawo waulere

Malume anga ndi munthu wolimba mtima, ngakhale pamaliro salira. Koma tsiku lomwe kompyuta idameza buku lawo la ngongole ndidawapeza atakhala pathumba la mchere, maso ali psuu, manja ali m'khosi.

Iwowa ali ndi golosale pa tiredingi ina kwa T/A Chimaliro ku Thyolo. Pambali pake pali kachipinda komwe amapangirako fotokope, kutayipa makalata ofunsira ntchito ndi kusindikiza mayeso a sukulu. Makasitomala awo ambiri ndi othyola tiyi m'maesiteti. Inu a mumsika mukuwadziwa malonda amenewa: munthu atenga sopo, shuga ndi usipa lero, kulipira n'kudikira malipiro atuluke. Popanda ngongole, golosale ya kumeneko siyenda.

Kale zonse ankalemba mu hadikava. Atagula makompyuta atatu akaunjika ku Limbe, awiri apatebulo ndi laputopu imodzi, adasamutsira mayina onse m'makina, hadikava ija n'kusanduka yokulungira usipa.

Ndiye kudabwera kasitomala ndi fulashi yoti amusindikizire kalata. Fulashiyo idali ndi vayirasi. Pofika madzulo mafayilo onse adali atabisika. Malume adaitana mnyamata wina wa m'tauni wodzitcha injiniya. Iyeyo sadafunse n'komwe kuti m'katimo muli chiyani. Amvekere: "Apa bwana n'kufomata basi." Adafomatadi, adalandira ndalama yake, adakwera minibasi. Mayina onse a angongole adapita naye limodzi.

Malipiro atatuluka kudali sewero. Wotenga mapaketi anayi a shuga ankakumbukira imodzi. Ena ankadutsa tsidya lina la msewu. Achilungamo adalipo, koma ochepa.

"Mphwanga," adandiuza malume, "ngongole yopanda umboni ndi mphatso."

Linux alowa m'golosale

Yemwe adapulumutsa zinthu ndi msuweni wanga, mwana wawo wamkazi, yemwe amaphunzira pa yunivesite ya MUST ku Ndata, yomwe idayamba kulandira ophunzira mu 2014. Atabwera kuholide adapeza kuti Windows yomwe injiniya uja adaikamo idali yakuba. Chinanso, makina atatu onsewo ndi okalamba, sangathe kunyamula Windows 11, pomwe kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa okhawo olembetsa nthawi yowonjezera. Kompyuta yosasamalidwa ili ngati nyumba yopanda loko.

Adafufuta zonse n'kuikamo Linux Mint.

Kwa inu amene dzinali n'lachilendo: kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa zina zonse. Windows ndi imodzi, Linux ndi ina. Linux adaiyamba mu 1991 ndi wophunzira wa ku Finland, Linus Torvalds, ndipo adalola kuti aliyense aitenge, aione m'kati, aisinthe ndi kugawira anzake popanda kulipira laisensi. Mu 2004 mkulu wina wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, adatulutsa mtundu wake wotchedwa Ubuntu, mawu omwe kwathu kuno timati umunthu. Mint ndi mwana wa Ubuntu. Ndipo ngati foni yanu ndi ya Android, Linux muli nayo kale m'thumba, kungoti simumadziwa.

Malume atamva zoti n'zaulere adaseka koyamba m'mwezi wonsewo. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogula ndi madola chidasanduka chakupha.

Koma holide idatha, mwana adabwerera kusukulu. Sabata ziwiri zisadathe, pulinta idanyanyala. Mnyamata wothandiza m'shopu adafufuta zinthu zomwe sankazidziwa pofuna malo osungira mafilimu. Bandulo ya mwezi idatha m'masiku owerengeka. Malume adandiimbira ndili ku Blantyre.

"Iwe suja umati ndiwe mtolankhani? Ntchito yako n'kufunsa. Kuesiteti kuli kapitawo, kuli kalaliki, kuli mlonda. Nanga makinawa kapitawo wake ndani? Kandifunsire."

Safunsa adadya phula. Ndidauyamba.

Ku Limbe adandiseka

Ndidalowa m'mashopu angapo okonza makompyuta ku Limbe. Yankho lidali limodzi: "Akulu, ingobwezeranimo Windows, tikuikirani motchipa." Mmodzi yekha ndiye adandiuza chilungamo, kuti Linux saidziwa ndipo safuna kundinamiza. Ndidamuthokoza kuposa onse.

Zenizeni ndidaziphunzira kwa msuweni wanga pa WhatsApp, usiku akaweruka m'kalasi, kenaka n'kukaziyesa ndekha kumudzi Loweruka ndi Lamlungu.

Phunziro loyamba lidandidabwitsa. Pa Linux pulogalamu susaka pa intaneti chisawawa ngati mmene tidazolowerera. Pali nkhokwe yomwe eni ake amaisamalira, ndipo pa Mint khomo lake ndi Software Manager. Walemba dzina, wadina, yalowa. Zili ngati kuoda katundu ku holoselo yodziwika m'malo mogula kwa munthu wokuitanira kuseri kwa depoti. "Chomwe mulibe m'nkhokwe, muyambe mwandifunsa," adatero msuweniyo.

Phunziro lachiwiri: usayambe ndi kufunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti. Yamba ndi kulemba mavuto ako. Ife tidapeza asanu: makiyi, kusunga, pulinta, bandulo ndi magetsi.

Makiyi ndi kabati

Za makiyi sizidafune n'kudawuniloda komwe. Mu Mint muli kale malo otchedwa Users and Groups. Tidatsegula maakaunti atatu: ya malume yokhala ndi mphamvu zonse, ya mnyamata wa m'shopu yongotayipira ndi kusindikiza, ndi ya makasitomala. Tsopano wofuna kuika kapena kuchotsa pulogalamu amafunsidwa pasiwedi ya mwini wake. Kodi inu wantchito wanu mumam'patsa kiyi wa kabati ya ndalama tsiku loyamba?

Pa kusunga m'pamene ndidatsala pang'ono kuwagwetsanso m'dzenje malume. Mint imabwera ndi pulogalamu yotchedwa Timeshift, yomwe imajambula mmene makina alili kuti zikasokonekera uwabwezere mwakale. Ine ndidaitchera, n'kuimba foni monyada kuti ngongole tsopano zili pabwino. Msuweni adakuwa: "Ayi! Timeshift imateteza mapulogalamu, osati mafayilo anu!" Zoonadi, ukaisiya mmene idabwerera, makalata ndi mabuku a malonda siikhudza. Ntchito imeneyo ndi ya ina, Déjà Dup, kapena Backup Tool ya Mint yomweyo. Tidasankha Déjà Dup chifukwa imasunga yokha tsiku ndi tsiku ndipo imatseka zosungidwazo ndi pasiwedi.

Tidagula mahadi dilaivu awiri akunja. Imodzi imagona m'shopu, ina kunyumba, amasinthanitsa Loweruka. Amene adaona zomwe namondwe Freddy adachita m'maboma a kum'mwera mu March 2023 safunsa chifukwa chake.

Pulinta ndi bandulo

Kalaliki wa pulinta pa Linux dzina lake ndi CUPS. Amakhalamo kale. Ukatsegula bulawuza n'kulemba localhost:631, umaona mapepala onse omwe ali pamzere ndi pomwe pakodwa. Kwa malume vuto lidali kalata imodzi yomwe idatsamwa, makina n'kuimitsa pulinta yonse. Kudina kawiri, idadzuka. Injiniya uja akadati ifomatidwenso.

Langizo langa kwa ofuna kugula pulinta: nyamulani laputopu yanu ya Linux mukaiyesere m'shopu momwemo musadalipire. Zambiri za HP zimayenda bwino chifukwa kampaniyo ili ndi madilaiva ake a Linux otchedwa HPLIP, koma si mtundu uliwonse womwe umamvera.

Bandulo inkatha chifukwa makina atatu onse ankadawuniloda zigamba zofanana, aliwonse paokha. Zigambazi n'zofunika, ndizo zimatseka mipata yolowera akuba, choncho kuzimitsa n'kupusa. Mankhwala ake ndi kapulogalamu kotchedwa apt-cacher-ng: kompyuta imodzi ikalandira, imasunga n'kugawira zinzake kudzera pa rauta ya m'shopu. Kuoda kamodzi, kugawa katatu. Kameneka sindiname, kadandivuta, mpaka msuweni adachita kundilembera mzere ndi mzere zoti nditayipe.

Kapitawo wamkulu

Kudatsala chomwe malume ankafunitsitsa: malo amodzi oonerapo zonse. Apa mayina awiri ndiwo adamveka, Webmin ndi Cockpit.

Webmin ndi wamkulu zaka, adalembedwa ndi Jamie Cameron wa ku Australia mu 1997. Amachita pafupifupi chilichonse, koma mabatani ake ndi ochuluka ngati mabenchi a mumsika wa Limbe, ndipo m'nkhokwe ya Mint mulibe, umachita kukamutenga kwa eni ake. Malume atamuona adangoti: "Uyu andisocheretsa."

Cockpit, yemwe amathandizidwa ndi kampani ya Red Hat, ali m'nkhokwe momwemo. Ukamuika, umatsegula bulawuza ngakhale pafoni, n'kulemba nambala ya kompyutayo ndi 9090 kumapeto. Umaona ngati malo osungira akutha, ngati makina akulemedwa, ndani walowa, ndipo ungathe kutseka akaunti ya wantchito yemwe wachoka. Malume amachita zimenezi ali kukauntala akuyeza shuga. Tidamutchera kuti azioneka pa rauta ya m'shopu pokha basi. Kumutsegulira dziko lonse pa intaneti n'kusiya kiyi pachitseko.

Za magetsi ndiye palibe pulogalamu yoposa batire. Tonse tikukumbuka mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January chaka chimenecho. Magetsi akazima kompyuta ili m'kati molemba, fayilo itha kuwonongeka. Choncho buku la ngongole lidasamukira pa laputopu, poti ili ndi batire yake, ndipo kompyuta yogawa zigamba adaigulira UPS.

Si zachilendo m'Malawi

Wina anena kuti izi n'za azungu. Ayi ndithu. Ngati mudapitako kuchipatala cha boma n'kuona kalaliki akudina pagalasi la kakompyuta, kenaka kamakina n'kutulutsa sitika yomata m'buku lanu la kuchipatala, mudaona ntchito yomwe idayambidwa ndi bungwe la Baobab Health. Gerry Douglas adaiyamba mu 2001 pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central, ndipo mu 2006 makina otsatira odwala a ma ARV adayamba kugwira ntchito ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Makina awo a pambuyo pake adawamanga pa Linux ndi mapulogalamu ena aulere. Nawonso Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala ndi DHIS2, pulogalamu yaulere yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway.

Koma onani chomwe a Baobab adachita. Sadangoika makina n'kuchoka. Adaika mabatire akuluakulu oti ntchito isaime magetsi akazima, ndipo adalemba ntchito anyamata ndi atsikana a Chimalawi oti azilemba mapulogalamuwo ndi kusamalira makinawo. Chaulere ndi laisensi yokha. Batire, hadi dilaivu, bandulo ndi munthu wodziwa, zonsezo n'za ndalama.

Pomwe pali minga

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi uchi. Mapulogalamu opangidwira Windows, monga CorelDRAW yomwe ambiri amapangira makadi aukwati, sayenda mwachindunji pa Linux. Ilipo ina yaulere, Inkscape, koma n'kuphunziranso. LibreOffice imatsegula makalata a Word ndi Excel, koma nthawi zina mizere imasuntha, ndiye uyenera kuonetsetsa usadasindikize. Mavayirasi a Windows a m'mafulashi saluma Linux, koma amakhalabe m'fulashimo n'kukaluma kasitomala wotsatira kwawo. Ndipo vuto lalikulu n'lomwe ndidaliona ku Limbe: odziwa kukonza ndi ochepa. Ngati mulibe mwana, m'bale kapena mnzanu woti muzimuimbira, yambani mwam'peza munthuyo musadafufute chilichonse.

Tsiku lomaliza msuweni adalamula mayeso. Adati zosunga zomwe sudayesepo kuzibweza ndi mphekesera chabe. Malume adakana katatu, kachinayi adatseka maso n'kufufuta okha buku latsopano la ngongole. Thukuta lili kamukamu. Ndidalumikiza hadi dilaivu yochokera kunyumba, ndidatsegula Déjà Dup, ndidasankha tsiku la dzulo lake. Mphindi isadathe mayina onse adabwerera, aliyense ndi shuga wake.

Ndalama zoyamba zija sizidabwerere, ndipo sizidzabwerera. Koma tsopano Loweruka lililonse akatseka shopu, malume amasinthanitsa mahadi dilaivu, amayang'ana Cockpit pafoni, kenaka amasindikiza mndandanda wa angongole papepala n'kuumata mu hadikava yatsopano. Wotenga katundu amasainira pomwepo.

Ndikukwera minibasi yobwerera ku Limbe ndidawafunsa ngati kapitawo uja ndidawapezera.

"Wandipezera zida, mphwanga," adatero. "Kapitawo ndi ine ndemwe. Ndipo hadikava iyi sikulungiranso usipa."