Madzi Osungunulira Mankhwala a Ziweto: Mabotolo Awiri Osayenera Kuwasokoneza

Ku Bindura, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, kuli migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca, ndipo mabanja ambiri m'derali, ena mwa iwo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, amaweta nkhuku ndi mbuzi. Mlangizi wogwira ntchito m'dera lotere atha kupatsidwa botolo la madzi a jakisoni logulidwa ku famase kuti asungunulire katemera. Ndi bwino ayambe wawerenga zolembedwa pabotolopo.

Madzi a saline ali ndi magalamu 9 a mchere mu lita imodzi, mlingo wogwirizana ndi magazi, choncho saphulitsa maselo ofiira monga amachitira madzi opanda mchere. Koma alibe chowateteza. Botolo likangotsegulidwa, otsala atayidwe.

Madzi otchedwa bacteriostatic ali ndi mankhwala a benzyl alcohol okwana 0.9 peresenti, amene amaletsa mabakiteriya kuswana. N'chifukwa chake botolo limodzi limatungidwa kangapo kwa masiku 28. Ubwino umenewu ndiwonso vuto lake. Akatemera ambiri, monga wa chitopa ndi wa nthenda ya zotupa pakhungu la ng'ombe, ali ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, ndipo mankhwalawa angathe kutiwononga. Chiweto chimabayidwa ndithu, mwini wake n'kupita akuyesa chatetezedwa, pamene chalandira madzi chabe. Katemera wobaya asungunulidwe ndi madzi amene anabwera nawo basi. Womwetsa nkhuku amafuna madzi opanda klorini; a pampopi asiyidwe m'chidebe chosavindikira usiku wonse, ndipo magalamu 2 a mkaka wa ufa wopanda mafuta pa lita amathandiza kuteteza katemerayo.

Mu 1982 bungwe la FDA ku America linachenjeza za imfa za makanda obadwa masiku osakwana amene analandira benzyl alcohol. Amphaka nawonso sapirira mankhwalawa, ndipo ana a ziweto ongobadwa kumene ndi bwino kuwapewetsa. Madziwa si oika m'dripi.

Ku labotale nkhani ndi yomweyo. Mafinya otumizidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Harare akasakanizidwa ndi madzi a bacteriostatic, mabakiteriya ofunidwawo angalephere kumera, ndipo zotsatira zidzaonetsa ngati chiweto chilibe matenda. Pofuna kuti kathonje kotengera mafinyako kasaume, kanyowetsedwe ndi saline wa m'botolo longotsegulidwa kumene.