Osaka Zilembo 81 m'Makhololo

Kachilombo ka chifuwa chachikulu (TB) kali ndi zilembo za DNA zoposa 4 miliyoni, koma wa mulabotale ku Phalombe amafunapo 81 zokha. Amasakaniza makhololo ndi mankhwala osungunulira, nkuthira mu katiriji, nkulowetsa m'makina a GeneXpert. Pakatha maola ngati awiri, wadziwa ngati mwini makhololowo ali ndi TB, komanso ngati TB yakeyo imamva mankhwala a rifampicin. Luso limeneli limandigometsa.

Zilembo 81 zimenezi zili pa jini yotchedwa rpoB, imene imapanga mbali ya puloteni yowerenga majini a kachilomboko. Puloteniyo siyamba kuwerenga paliponse: inzake yotchedwa sigma ndiyo imailozera poyambira. Rifampicin amakamatira pa puloteni yowerengayi nkuiimitsa, kachilombo nkufa. Koma chilembo chimodzi chikangosintha, mankhwala amatha kusowa pogwira. Mu katiriji imene bungwe la WHO linavomereza mu 2010 muli tizidutswa tisanu ta DNA, kalikonse kowala pokhapokha kakapeza malo ake enieni. Kena kakapanda kuwala, ndiye kuti TB yakana mankhwala.

M'thupi la munthu kusakaku nkovuta koposa. Selo limodzi limasunga DNA yotalika pafupifupi mamita awiri, yokulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone ngati ulusi pa kamtengo. Mapuloteni pafupifupi 1,600 ndi amene amatsegula ndi kutseka majini, ndipo iliyonse imazindikira zilembo 6 mpaka 12 pakati pa zilembo 3 biliyoni. Imakwawa pa DNA, nkumakhudza m'ngalande zake kuti imve maonekedwe a zilembozo. Ndondomeko yaifupi chonchi imapezeka malo ambirimbiri mwangozi, nchifukwa chake puloteni imakhazikika pamene ulusi wamasuka ndiponso pamene anzake agwira pafupi. François Jacob ndi Jacques Monod ndiwo anafotokoza mu 1961 kuti majini amatsegulidwa ndi kutsekedwa.

Koma mukacheza ndi a mulabotale, sayambira pamenepa. Amayamba ndi malovu. Dandaulo lawo losatha ndi loti odwala amalavulira malovu m'kabotolo m'malo mokhosomola makhololo ochokera pansi pa chifuwa. Ena amatchula magetsi, poti akathima makina ali mkati mwa ntchito, katiriji yapita, ndipo siigwiritsidwa ntchito kawiri. Ena amatchula kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi fumbi, zimene makinawa sagwirizana nazo. Kuyeza malungo, magazi ndi shuga kumadya tsiku lawo lonse, koma mtima wawo umakhala pa bokosi la makatiriji: atsala angati, ndipo ena afika liti?

Ndalama nayo ndi nkhani. Makatiriji amachokera ku kampani ya Cepheid ya ku America, ndipo dziko lathu limadalira kwambiri thandizo lakunja powagula. Munthu anaphunzira bwinobwino ku koleji ya Malamulo kapena ku Malawi College of Health Sciences, koma katiriji ikasowa amabwerera ku maikulosikopu, imene sionetsa ngati kachilombo kakukana mankhwala.

Palinso a njinga zamoto onyamula timabotolo kuchokera ku zipatala zazing'ono monga Nambazo, Chiringa ndi Sukasanje. Namondwe Freddy atagumula misewu ndi chipatala cha Nkhulambe mu Marichi 2023, tinaona kuti labotale imayambira pamsewu.

Wodwala akachira amathokoza adokotala, ndipo nzoyenera. Koma amene anauza adokotalawo mankhwala oyenera ndi munthu amene wodwalayo sanamuone nkomwe nkhope. Akuluakulu okonza bajeti ya zaumoyo aziyamba awerengera magetsi odalirika, makatiriji ndi malipiro a anthu amenewa, chifukwa mankhwala operekedwa mongoganizira amapha wodwala nkusiya TB yosamva mankhwala m'mudzi.