Kevin Sinfield ndi Ngongole ya Katswiri kwa Anthu Ake

Masewera a rugby league anabadwira ku Huddersfield, kumpoto kwa England, mu 1895, pamene matimu a anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale anagalukira akuluakulu a rugby amene ankakana kuti osewera azipatsidwa kangachepe akajomba kuntchito chifukwa cha mpira. Chiyambire, masewerawa ndi a anthu wamba, ndipo katswiri aliyense amakhala ndi ngongole kwa anthu amene anamulera. Kevin Sinfield anayambira ku timu yam'dera ya Waterhead ku Oldham, n'kukasewerera Leeds Rhinos kuyambira 1997 mpaka 2015, ndipo monga kaputeni ananyamula chikho cha Super League kasanu ndi kawiri. Komabe zikhozo si zimene zinabweza ngongoleyo. Anaibweza atasiya kusewera.

Mu Disembala 2019, mnzake wa m'timu Rob Burrow anamupeza ndi MND, nthenda yopanda mankhwala ochiritsa yomwe imapha mitsempha yoyendetsa minofu mpaka munthu kulephera kuyenda, kulankhula ndi kumeza. Popeza Burrow ankavala jezi ya nambala 7, mu Disembala 2020 Sinfield anathamanga makilomita 42 tsiku lililonse kwa masiku 7, ndipo anthu anasonkha mapaundi oposa 2 miliyoni othandiza polimbana ndi nthendayi. Chaka chotsatira anathamanga mamailo 101 m'maola 24, kuchokera ku Leicester mpaka ku Leeds. Mu Meyi 2023, pa mpikisano woyamba wa Rob Burrow Leeds Marathon, anakankha mnzakeyo pa njinga ya olumala njira yonse. Atatsala pang'ono kufika, anaima, n'kumumasula, n'kumunyamula m'manja kuti amalizire limodzi.

Ena anganene kuti kufufuza mankhwala ndi udindo wa boma, ndipo kuti zopereka zotere zimangopatsa boma mpata wogona. Mfundoyi si yachabe, pakuti miyendo ya munthu mmodzi singasamalire odwala a dziko lonse. Koma zimene zinachitika zikusonyeza kuti phokoso lokhudza nthendayi linadzutsa boma m'malo moligoneka: mu Novembala 2021, pambuyo pa kampeni ya odwala MND ndi owathandiza, boma la Britain linalonjeza mapaundi 50 miliyoni ofufuzira nthendayi. Enanso angati munthu wotchuka amachita izi pofuna kuti dzina lisazilale. Ngakhale zitakhala choncho, phindu lake lagwera ena. Anthu masauzande ambiri, ochuluka mwa iwo osakhala akatswiri, anathamanga nawo mpikisano wa ku Leeds uja, ndipo unapitirira ngakhale Burrow atamwalira pa 2 Juni 2024. Mutu umodzi susenza denga, ndipo luso lenileni la Sinfield ndi lomwe lija la ukaputeni: kuchititsa ena kuti agwirepo. N'chifukwa chake poyeza katswiri wamasewera tisamalekere pa zikho, tiziwerenganso anthu amene wawalowetsa m'bwalo iye atatulukamo.