Akatswiri olawa vinyo amalavuliranji?

M'MAIKO ambiri muli tumabungwe twa anthu okonda vinyo. Mamembala amakumana pa masiku oikika, m'hotela kapena m'nyumba ya mmodzi wa iwo, kuti alawe mitundu yosiyana-siyana ya vinyo, akambirane za kakomedwe kake, ndi kudyera pamodzi. Mlendo wofika koyamba pa msonkhano wotere amadabwa ndi kabeketi kamene kamakhala pa thebulo. Vinyo wogula ndi ndalama zambiri amalowa m'kamwa, kenaka amalavulidwa m'kabeketi muja.

Ena mwa mabungwe amenewa ndi akale. Bungwe la International Wine and Food Society linayambika ku London mu 1933, ndipo mmodzi wa oliyambitsa anali André Simon. Caka cotsatira, mu 1934, alimi ndi ogulitsa vinyo a ku Burgundy m'dziko la France anapanga bungwe la Chevaliers du Tastevin, cifukwa malonda anali atagwa ndipo vinyo anangodzaza mosungira. Kufikira lero mamembala ake amacita maphwando m'nyumba yakale ya Clos de Vougeot, atsogoleri atabvala mikanjo yofiira, ndi kakapu ka siliva kolawira kali lende m'khosi. Ku South Africa, kumene kumacokera vinyo wambiri wa m'masitolo a mu Zambia, sukulu ya Cape Wine Academy yakhala ikuphunzitsa anthu kulawa kuyambira mu 1979.

Kalawidwe kake kali ndi mwambo. Vinyo amathiridwa pang'ono cabe, osafika ndi theka lomwe la tambula. Wolawa amayamba wayang'ana mtundu wake pa kuwala, amazunguza tambula kuti fungo lituluke, amanunkhiza, ndiyeno amapsontha pang'ono ndi kucukuca m'kamwa. Akatero walawa. Kukoma kumamveka pa lilime ndi m'mphuno, kotero kumeza sikuonjezapo zambiri. Pakati pa vinyo wina ndi mnzake amamwa madzi ndi kudya kacidutswa ka buledi kuti m'kamwa muyere.

Cifukwa ceni-ceni colavulira cili m'masamu. Vinyo wambiri ali ndi ukali wa maperesenti 12 mpaka 14, pamene biya wa m'botolo amakhala ndi 4 kapena 5. Ndiye kuti botolo limodzi la vinyo la mamililita 750 lili ndi mowa wolingana ndi mabotolo asanu kapena asanu ndi limodzi a biya. Pa msonkhano wolawa mitundu 10, munthu atameza mamililita 50 a mtundu uli wonse, wamwa theka la lita m'maola awiri, pamene ciwindi cimatha kucotsa m'magazi mowa wa katambula kamodzi kakang'ono pa ola. Wotsala umazungulira m'thupi ndi kufika ku ubongo. Pofika mtundu wacisanu lilime silitha kusiyanitsanso bwino, ndipo mwini wake amaona ngati ali bwino-bwino.

Ngakhale wolavula sapulumuka kotheratu, pakuti mowa pang'ono umalowabe kupyolera m'kamwa ndi m'malovu. Ndico cifukwa mamembala osamala amapangana za wowayendetsa asanayambe kulawa. Akatswiri olawa tsiku ndi tsiku ali ndi bvuto linanso la mano. Vinyo ndi wowawasa, ndipo asidi wake amafewetsa cikuto ca mano. Madokotala a mano amawalangiza kucukuca ndi madzi, ndi kudikira pafupi-fupi ola asanatsuke ndi mswaci, cifukwa kutsuka nthawi yomweyo kumapala cikuto cofewaco.

Nkhani imeneyi ikukhudza makomboni cifukwa vinyo anasiya kale kukhala cakumwa ca m'mahotela mokha. Amapezeka pa maukwati, pa makicheni pate ndi pa Khrisimasi, kawiri-kawiri wa m'mabokosi a malita atatu kapena asanu. Wotsekemera amatsika ngati cakumwa ca ana, ndipo amathiridwa m'makapu akulu a pa nyumba mpaka m'khosi. Azimai ambiri amene sangakhudze kacasu amamwa vinyo mosaopa, poganiza kuti ndi madzi a zipatso. Kapu imodzi yodzaza ya mamililita 300 ili ndi mowa woposa wa mabotolo awiri a biya.

Pamaphwando pamamvekanso mau akuti vinyo wofiira ndi mankhwala a mtima. Mbiri imeneyi ili ndi kocokera. Mu 1991 pulogramu ya pa wailesi ya kanema ku America yochedwa 60 Minutes inaulutsa maganizo a wasayansi wa ku France, Serge Renaud, akuti anthu a kwao sadwala mtima kwambiri ngakhale amadya zamafuta, ndipo mwina cowateteza ndi vinyo. Malonda a vinyo wofiira anakwera nthawi yomweyo. Pambuyo pake anthu anayamba kutama resveratrol, kanthu kopezeka m'khungu la mphesa.

Ofufuza a pambuyo anapeza polakwika. Kafukufuku wambiri wakale anali kuyerekeza omwa pang'ono ndi osamwa, koma m'gulu la osamwa munali anthu amene analeka mowa cifukwa ca kudwala. Gulu limenelo linaoneka lofooka, ndipo omwa pang'ono anaoneka athanzi. Ndiponso anthu omwa vinyo pa cakudya m'maiko olemera amakhala a ndalama, odya bwino ndi opita ku cipatala msanga. Kunena za resveratrol, kuti munthu apeze muyeso umene unapatsidwa kwa mbewa poyesa, ayenera kumwa matambula mazana pa tsiku.

Coipa ca mowa cokha sicinasinthe. Mu 1988 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, gulu limene muli fodya. Khansa zake ndi za m'kamwa, pakhosi, kum'mero, ciwindi, matumbo ndi mawere. Mu January 2023 bungwe lomweli linanena poyera kuti palibe muyeso wa mowa umene tinganene kuti ulibe ngozi. Thupi silifunsa mtengo wa botolo. Mowa wa mu vinyo wa ku Stellenbosch ndi womwewo wa mu Chibuku.

Dera lomwelo la Western Cape, kumene alendo amayenda m'mafamu kulawa vinyo, lili ndi mbiri yowawa. Kwa zaka zambiri anchito a m'minda ya mphesa anali kulandira vinyo monga gawo la malipiro ao. Lamulo linaletsa zimenezi m'zaka za m'ma 1960, koma m'mafamu ena zinapitirira mpaka m'ma 1990. Matauni ena a m'deralo ali pakati pa malo amene ofufuza apeza ciwerengero cacikulu koposa ca ana oonongeka ndi mowa akali m'mimba. Ana otere amabadwa ocepa thupi, amacedwa kukula, ndipo amabvutika kusukulu moyo wao wonse. Mowa umene mai wa pakati wamwa umafika kwa mwana, ndipo palibe mwezi wa pakati umene kumwa kulibe ngozi.

Enanso oyenera kukana tambula ndi amene akumwa mankhwala a cifuwa ca TB, pakuti mankhwalawo amalemetsa kale ciwindi, ndi amene apatsidwa Flagyl. Odwala shuga amene amabaya insulin angagwe cifukwa mowa umatsitsa shuga m'magazi, maka-maka pa mimba yopanda kanthu. Mowa umakwezanso BP, ndipo umaiwalitsa anthu a pa ma ARV nthawi yomwera mankhwala. Ena a cifuwa ca asima amabanika ndi mankhwala osungira vinyo, amene amalembedwa pa botolo kuti sulphites. Amene akumwa mankhwala ali onse afunse anamwino kapena adokotala ku kiliniki asanapite ku phwando, atanyamula khadi ndi mapaketi a mankhwalawo.